Kalumo ka Mlendo: Eiko Ishioka ndi Zovala za M'mafilimu ndi M'zisudzo

Akuluakulu akale anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ngakhale mwambiwu umatchulidwa kawirikawiri pofuna kukumbutsa eni mudzi kuti asanyoze munthu wobwera, tanthauzo lake silithera pa ulemu wokha. Malumo a pamudzi amabuntha chifukwa ameta mitu yomweyomweyo kwa zaka zambiri ndipo anoledwa pa mwala womwewo, kotero kuti eni ake sazindikiranso kubuntha kwake, amangoyesa kuti kumeta n'kopweteka mwachibadwa, mpaka atafika wina ndi kake kakuthwa. Komabe mwambiwu uli ndi mbali ina imene sikambidwa kwambiri, yakuti kalumo kakuthwa kalibe ntchito ngati palibe wolimba mtima woti aweramitse mutu wake pamaso pa mlendoyo, komanso kuti chitsulo chimene chimameta bwino chimathanso kutema khungu. Moyo wa a Eiko Ishioka, mayi wa ku Japan amene anakonza zovala za m'mafilimu, m'zisudzo ndi m'zionetsero zikuluzikulu kwa zaka zoposa makumi awiri, umamveka bwino ukayang'anidwa mbali zonsezi, chifukwa mayiwa analowa pafupifupi ntchito iliyonse ali wobwera, ndipo sanayesepo kubisa zimenezo.

Ntchito ya wokonza zovala za m'sewero imasokonezedwa ndi ya telala, koma ziwirizi n'zosiyana, poti telala amasoka chimene wauzidwa pamene wokonza zovala ndiye amaganiza chimene munthu aliyense wa m'nkhani ayenera kuvala ndi chifukwa chake. Amayamba ndi kuwerenga sewero lolembedwa, kenako amakambirana ndi wotsogolera, amene ndi munthu woyang'anira kaseweredwe konse, amajambula chovala chilichonse papepala, amasankha nsalu ndi mitundu yake, amayesa osewera, ndipo amakhalapo pamene matelala, opeta nsalu ndi opanga zipewa akusandutsa zojambulazo kuti zikhale zinthu zovalika. Ayeneranso kudziwa kuti chovala cha pa siteji ndi cha pa kamera sizimvera lamulo limodzi, chifukwa cha pa siteji chiyenera kuoneka bwino kwa munthu wokhala pa mpando wakumbuyo kwenikweni ndi kupirira thukuta la usiku uliwonse kwa miyezi, pamene cha pa kamera chimayandikiridwa mpaka msoko ndi ulusi zikuoneka. Ku Hollywood ndi ku Broadway, komwe ndi kuchimake kwa mafilimu ndi zisudzo za ku America, chizolowezi chachikulu chinali chakuti chovala chitsatire mokhulupirika nthawi ndi malo a nkhaniyo, kapena chikongoletse wosewera wotchuka. Chizolowezi chimenechi chinabala ntchito zabwino zambiri, koma chinafika pokhazikika moti ndi ochepa okha amene ankafunsa ngati chovala chingathe kunena zoposa chaka, dziko ndi chuma cha wochivala.

A Ishioka anabadwira mumzinda wa Tokyo pa 12 Julayi 1938, ndipo bambo awo anali wojambula zithunzi zotsatsa malonda amene analimbikitsa mwana wawo kukonda zaluso koma sanafune kuti awatsatire pa ntchitoyo, poti masiku amenewo inali m'manja mwa amuna. Atamaliza maphunziro pa yunivesite ya boma ya zaluso ndi nyimbo ku Tokyo komweko, analowa mu 1961 m'nthambi yotsatsa malonda ya Shiseido, kampani ya zodzoladzola, ndipo kumeneko n'kumene anayamba kukhala mlendo asanatuluke n'komwe m'dziko lawo. Zithunzi zotsatsa mafuta ndi ufa wa kumaso zinkaonetsa mkazi woyera mbuu, wofatsa, wonga chidole chosungidwa m'nyumba, koma mu 1966 iwo anatulutsa chithunzi chojambulidwa ku Hawaii cha mtsikana Bibari Maeda ali pamchenga, khungu lake litadetsedwa ndi dzuwa, maso ake akuyang'ana woonera mosaopa. Chimene anasintha pamenepo sichinali chachikulu kwa wochiona lero, koma amuna amene ankajambula akazi kwa zaka zambiri anali asanaganize kuti mkazi wogula zodzoladzola angafune kuoneka wamphamvu m'malo mooneka womvera.

M'zaka za m'ma 1970 anatsegula ofesi yawoyawo ndipo anayang'anira zotsatsa malonda za Parco, sitolo yaikulu ya zovala ku Tokyo, komwe anachita chinthu chodabwitsa chotsatsa sitolo popanda kuonetsa kwenikweni katundu wake. Pa kanema wina Faye Dunaway, katswiri wa mafilimu wa ku America, amangosenda dzira lophika n'kulidya pang'onopang'ono, ndipo pa zithunzi zina pali akazi a ku India, ku Morocco ndi ku Kenya atavala nsalu ndi mikanda yakwawo. Apa n'pamene kuthwa kwa kalumo kayenera kuyesedwa mosakondera. N'zoona kuti a Ishioka ankafuna kuti atsikana a ku Japan aleke kuyesa kukongola konse ndi muyeso wa ku Paris ndi ku New York, ndipo anajambulitsa akazi akuda ndi akumidzi monga anthu aulemerero, osati monga osowa. Koma n'zoonanso kuti nkhope za akaziwo zinagwiritsidwa ntchito kukopa ogula a sitolo imene ambiri a iwo sakanaiona n'komwe. Funsoli limakula mu 1980, pamene anakonza ku Tokyo chionetsero cha zithunzi za Leni Riefenstahl, mayi wa ku Germany amene anapanga mafilimu otamanda chipani cha Hitler m'zaka za m'ma 1930 ndipo atakalamba anajambula anthu a mtundu wa Nuba ku Sudan. Mlembi wa ku America Susan Sontag anali atanena kale mu 1975 kuti zithunzi za Anubazo zinkapitiriza kupembedza thupi lamphamvu kumene kunali m'mafilimu akale a mayiyo. Wowerenga wa ku Africa ali ndi chifukwa chokwanira chosapitirira nkhaniyi mwachangu, chifukwa diso limene limakonda mphamvu ndi kukongola kwa thupi likhoza kuiwala kufunsa mwini thupilo dzina lake ndi maganizo ake, ndipo chilema chimenechi sichichoka chifukwa chakuti mwini disoyo si Mzungu.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ali pachimake pa kutchuka kwawo, a Ishioka anasiya zonse n'kupita ku New York, ndipo buku la ntchito zawo lotchedwa Eiko by Eiko linatuluka mu 1983. Woyamba kuwapatsa mutu wake kuti amete anali Paul Schrader, amene ankapanga filimu ya moyo wa Yukio Mishima, mlembi wa ku Japan amene anadzipha podzitumbula pamimba mu 1970. A Ishioka anapatsidwa ntchito yomanga malo ochitira zigawo zitatu zotengedwa m'mabuku a mlembiyo, ndipo m'malo momanga nyumba zooneka ngati zenizeni anamanga malo oonekeratu kuti ndi a sewero, okhala ndi mitundu yowala, kuphatikizapo kachisi wagolide amene amang'ambika pakati pamaso pa mnyamata womusirira. Filimuyi, Mishima: A Life in Four Chapters, inalandira mphoto ya luso pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes mu 1985, imene iwo anagawana ndi wojambula John Bailey ndi wopeka nyimbo Philip Glass, koma ku Japan panthawiyo sinaonetsedwe m'nyumba za kanema chifukwa cha kusagwirizana ndi mkazi wamasiye wa mlembiyo komanso mantha a magulu okonda dziko monyanyira. Chaka chotsatira anakonza chikuto cha chimbale cha woimba lipenga Miles Davis chotchedwa Tutu, polemekeza Bishopu Desmond Tutu wa ku South Africa, pogwiritsa ntchito zithunzi za nkhope ndi dzanja zojambulidwa ndi Irving Penn, ndipo chikutocho chinawapezetsa mphoto ya Grammy mu 1987.

Sewero la M. Butterfly, lolembedwa ndi David Henry Hwang ndi kuonetsedwa ku Broadway mu 1988, linali ngati lolembedwera iwo, chifukwa nkhani yake yonse yagona pa chovala. Kazembe wa ku France akondana kwa zaka pafupifupi makumi awiri ndi woimba wa zisudzo za ku Beijing amene iye akumuyesa mkazi, pamene ali mwamuna komanso kazitape, ndipo chimene chamuchititsa khungu si luso la woimbayo lokha koma chithunzi cha mkazi wa Kum'mawa wogonjera chimene kazembeyo anabwera nacho m'mutu kuchokera kwawo. Mayi amene anayamba ntchito yake pokana chithunzi chomwecho ku Shiseido ndiye anakonza mikanjo imene kazembeyo akunyengedwa nayo, pamodzi ndi siteji ya njira yofiira yokhotakhota yotsika kuchokera pamwamba, ndipo anasankhidwa kupikisana nawo pa mphoto ziwiri za Tony, ya siteji ndi ya zovala.

Ntchito imene dzina lawo limakumbukiridwa nayo kwambiri ndi Bram Stoker's Dracula, filimu ya mu 1992 ya Francis Ford Coppola, amene anawadziwa kuyambira pamene anakonza chithunzi chotsatsira Apocalypse Now ku Japan. Dracula ndi mzukwa woyamwa magazi a anthu amoyo, wa m'buku la Bram Stoker la mu 1897, ndipo kuyambira filimu ya mu 1931 imene Bela Lugosi anasewera, anthu anazolowera kumuona atavala suti yakuda ya madzulo ndi chofunda chakuda cha kolala yoimirira, moti chovalacho chinasanduka cha ana pa maphwando ndipo chinaleka kuopsa. A Coppola anaganiza zojambula filimu yonse m'nyumba zojambuliramo ndi kuika ndalama zambiri pa zovala, ponena kuti zovalazo ndizo zikhale malo ochitira sewero, ndipo anasankha munthu amene sanakulire m'mwambo wa mafilimu oopsa a Azungu. A Ishioka anataya chofunda chakuda chija. Pachiyambi pa filimu, pamene Dracula akali kalonga wankhondo wa m'chaka cha 1462, Gary Oldman wavala malaya ankhondo ofiira okhala ndi mizere yonga minofu ya munthu wosendedwa khungu, ndi chisoti chonga mutu wa mmbulu. Malaya ankhondo amapangidwa kuti abise thupi ndi kuliteteza, koma awa akuonetsa chimene chili pansi pa khungu, kotero kuti woonera akudziwa, munthuyo asanalankhule, kuti nkhani imene ikubwera ndi ya mnofu ndi magazi ndiponso ya munthu amene chinyama chili kale mwa iye. Atakalamba m'nyumba yake yachifumu wavala mkanjo wofiira wautali wokwekwereza pansi, wopetedwa ndi zinjoka zagolide, ndipo chakumapeto wavala mkanjo wagolide wotengera zojambula za Gustav Klimt wa ku Vienna.

Chovala chimene chimaphunzitsa zambiri ndi cha Lucy, mtsikana wolemera amene Sadie Frost anasewera, amene amwalira asanakwatiwe naikidwa m'manda atavala diresi lake la ukwati, kenako n'kuuka ali mzukwa. Diresilo ndi loyera, la lesi, monga mkwatibwi wa ku England wa nthawi ya Mfumukazi Victoria akanavalira, koma kolala yake ndi yaikulu, yotambasuka mozungulira mutu, yotengera buluzi wina wa ku Australia amene amatambasula chikopa cha m'khosi akafuna kuopseza mdani. Nzeru yakale imati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere, kutanthauza kuti kunja kumanyenga ndipo choonadi chimabisala m'kati, ndipo opanga zovala ambiri amatsatira nzeru imeneyi poveka woipa chovala chokongola kuti woonera adzadzidzimuke pambuyo pake. A Ishioka sanadikire kuti nkhuyu ing'ambidwe, koma anaika nyerere kunja pamodzi ndi kukoma kwake, moti diresi limodzi lomwelo ndi la mkwatibwi, la mtembo ndi la chilombo, ndipo palibe mbali imene ikufafaniza inzake. Apa m'pamene pagona luso lawo lenileni, lakuti chovala chileke kukhala chophimba n'kukhala m'kati mwa munthu motembenuzidwira kunja. Mu Malichi 1993 analandira mphoto ya Oscar ya zovala chifukwa cha filimuyi.

Luso lotere lili ndi mtengo wake, ndipo amene amaulipira poyamba ndi wosewera. Tarsem Singh, wotsogolera mafilimu wobadwira ku India, anagwira nawo ntchito mafilimu anayi, The Cell mu 2000, The Fall mu 2006, Immortals mu 2011 ndi Mirror Mirror mu 2012, ndipo a Ishioka anasimbapo kuti pamene Jennifer Lopez anapempha kuti kolala yolimba imene anavala mu The Cell ifewetsedwe, iwo anakana chifukwa munthu wa m'nkhaniyo anayenera kukhala akuzunzika. Yankholi likhoza kumveka lankhanza, komabe lili ndi choonadi chimene osewera ambiri amachivomereza, chakuti chovala cholemera kapena chothina chimasintha kaimidwe, kayendedwe ndi kapumidwe, ndipo thupi limayamba kusewera mbaliyo mutu usanalamule. Mtengo wachiwiri amaulipira ndi nkhani yeniyeniyo. Openda mafilimu ambiri amene anayamikira maonekedwe a mafilimu a Tarsem anadandaula kuti nkhani zake n'zopepuka poyerekeza ndi zimene maso akuona, ndipo dandauloli silingakanidwe lonse, chifukwa pali malo mu Immortals pamene zisoti za milungu ya Agiriki zimakumbukika kuposa mawu alionse amene milunguyo inalankhula. Kulakwa kumeneko si kwa wokonza zovala yekha, koma kumasonyeza kuti zovala zamphamvu zimafuna nkhani yamphamvu yoti izinyamule. Pamene ziwirizi zinakumana, monga mu The Fall, momwe mwamuna wovulala m'chipatala akusimbira kamtsikana nthano ndipo zovala n'zimene kamtsikanako kakuona m'maganizo mwake, kukokomeza konse kumakhala ndi chifukwa, poti mwana womva nthano saona malaya wamba.

Kungakhale kulakwa kuganiza kuti mayiwa ankangodziwa kuumitsa thupi, chifukwa ntchito zawo zina zinafuna zosiyana ndi zimenezo. Pakati pa 1997 ndi 1999 anakonza zovala za Der Ring des Nibelungen ku Amsterdam, motsogozedwa ndi Pierre Audi, ndipo imeneyi ndi mndandanda wa maopera anayi a Richard Wagner, opera kukhala sewero limene mawu ake onse amaimbidwa, kotero kuti chifuwa ndi mimba ya woimba siziyenera kupanikizidwa kwa maola ambiri. Mu 2002 anaveka osewera a Varekai, chionetsero cha gulu la ku Canada la Cirque du Soleil, amene amauluka pa zingwe ndi kudumpha m'malere, komwe nsalu yokodwa kapena msoko wothothoka ukhoza kupha munthu, ndipo chaka chomwecho anakonza mayunifomu a ena mwa othamanga a ku Switzerland, Canada, Japan ndi Spain pa masewera a Olympic a nyengo yozizira ku Salt Lake City. M'ntchito zoterezi chojambula cha papepala sichikwanira, ndipo mwambi wakuti mutu umodzi susenza denga umagwira ntchito mokwanira, popeza mlendo amene sanaphunzire kudula nsalu kusukulu anadalira odula, osoka ndi onika nsalu amene mayina awo amadutsa mothamanga kumapeto kwa filimu kapena salembedwa n'komwe. Mphoto imalembedwa dzina limodzi, koma kolala ya Lucy inaimirira chifukwa panali manja amene anadziwa kuiumitsa.

Pa 8 Ogasiti 2008 mwambo wotsegulira masewera a Olympic ku Beijing, wotsogozedwa ndi Zhang Yimou, unali ndi osewera pafupifupi 15,000, ndipo amene anayang'anira kakonzedwe ka zovala zawo anali a Ishioka. Kulemera kwa nkhaniyi kumamveka pokumbukira kuti iwo anabadwa patangotha chaka chimodzi nkhondo yaikulu ya pakati pa Japan ndi China itabuka mu 1937, nkhondo imene mabala ake sanapole m'mitima ya Atchaina ambiri. Dziko limene linkadzionetsa kwa anthu onse a pa dziko lapansi, pofotokoza mbiri yake ya mapepala, zilembo ndi maulendo a panyanja, linalola kuti mwana wa dziko limene linali mdani wake asankhe nawo nsalu zofotokozera mbiriyo. Pamwambo wotere chovala chimodzi sichioneka pachokha, koma mazana a zovala zofanana amasanduka mtundu umodzi woyenda pabwalo, ndipo apa luso lawo loyamba la kukonza zithunzi zikuluzikulu zooneka patali linagwira ntchito kuposa luso la kusoka.

Zaka zawo zomaliza zinali zotanganidwa ngati zoyamba. Anakonza zovala za woimba Grace Jones pa ulendo wake woimba wa mu 2009, ndi za sewero loimba la Spider-Man: Turn Off the Dark, limene linatsegulidwa ku Broadway mu 2011 pambuyo pa mavuto ambiri a ndalama ndi kuvulala kwa osewera, koma zovala zake zinasankhidwa kupikisana nawo pa mphoto ya Tony. Mirror Mirror, nthano ya Snow White momwe Julia Roberts ndi Lily Collins avala madiresi otambalala ndi zipewa zonga mbalame ndi nyama, anaikonza akulandira mankhwala a khansa ya kapamba, ndipo anamwalira ku Tokyo pa 21 Januwale 2012 ali ndi zaka 73, filimuyo isanatuluke. Chaka chotsatira dzina lawo linatchulidwa pakati pa opikisana pa Oscar ya zovala, ngakhale mphotoyo inapita kwa Jacqueline Durran chifukwa cha Anna Karenina.

Kwawo ku Japan chionetsero chachikulu choyamba cha ntchito za moyo wawo wonse chinatsegulidwa mu Novembala 2020 ku Museum of Contemporary Art Tokyo, patatha zaka zisanu ndi zitatu atamwalira. Anasonkhanitsa zithunzi za Shiseido ndi Parco, mapepala oyesera kusindikiza odzaza ndi malangizo olembedwa ndi dzanja lawo kwa osindikiza, ndi zovala zobwerekedwa ku America ndi ku Ulaya, ndipo m'chipinda china anamanganso kachisi wagolide wa mu Mishima, kotero kuti anthu a ku Tokyo anaimirira pamaso pa malo ochitira filimu imene inali itatha zaka 35 isanaonetsedwe m'nyumba za kanema za dziko lawo.